Kope la khanda lathu: momwe tinatsatira chisamaliro cha mwana ndi amayi ake m'masabata 6 oyamba

24 Meyi 2025: kugula zipangizo

Mkazi wanga anali atatsala ndi masabata awiri kuti achire pamene ndinaganiza zoti tizilemba zonse zochitika pa mwana tsiku ndi tsiku. Ameneyu ndi mwana wathu woyamba, timakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo tonse awiri tinali tisanasungepo khanda usiku wonse. Kusikelo ya amayi oyembekezera anamwino anabwereza kangapo kuti mwana wongobadwa kumene ayenera kuyamwa kosachepera ka 8 pa maola 24, ndipo ena amafika ka 12. Ine ndinadzifunsa kuti munthu wosagona angakumbukire bwanji kuti mwana wayamwa kangati chiyambire dzulo.

Tsiku limeneli ndinagula kope la chikuto cholimba pa K2,500, mabolopeni awiri ndi rula pa K1,200, themomita ya batire pa K7,500 ndi wotchi yapakhoma yokhala ndi muvi wa masekondi pa K9,000. Ndinagulanso bandulo ya K2,000 n'kuika pafoni pulogalamu yolembamo za makanda, poganiza kuti kope lidzangokhala lothandizira foni ikavuta. Madzulo ndinakhala pansi ndi rula n'kujambula mizere 11 pa tsamba lililonse: ola loyamba kuyamwa, ola lomaliza, bere lake, mkodzo, chimbudzi, mtundu wa chimbudzi, kugona, kudzuka, kutentha kwa thupi, mchombo ndi kusamba. Mkazi wanga anayang'ana tsambalo n'kunena kuti likufanana ndi rejisitala ya kusukulu. Chimene sitinaone tonse awiri n'chakuti pa mizere yonseyo panalibe ngakhale umodzi wonena za iyeyo.

9 mpaka 11 Juni 2025: foni inagonja usiku woyamba

Mwana anabadwa Lolemba pa 9 Juni m'mamawa, wamkazi, wolemera makilogalamu 3.1. Asanatuluke m'chipatala anamubaya katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu (TB), pamkono wakumanja ndi kumudonthezera wa poliyo m'kamwa, ndipo zonsezi zinalembedwa m'buku lake la kusikelo. Anawasunga usiku umodzi n'kuwatulutsa Lachiwiri masana. Apongozi anga anali atafika kale kuchokera ku Dedza, ndipo ndi iwo amene anagona kuchipatala monga owadikirira.

Usiku wa Lachiwiri magetsi anazima cha m'ma 6 koloko madzulo ndipo sanayakenso mpaka kunja kutacha. Foni yanga ndi imene inkagwira ntchito ya tochi, choncho pofika 1 koloko usiku inali itathima, pamodzi ndi zonse zimene ndinalembamo. Tinatembenukira ku kope, koma kupeza mzere woyenera pakati pa mizere 11 ndi kuwala kwa kandulo, mwana akulira, ndi ntchito imene sindingaifunire munthu aliyense. M'mawa ndinapeza kuti mkodzo ndinaulemba pa mzere wa kusamba, ndipo maola awiri a kuyamwa analembedwa ndi dzanja la mkazi wanga, lopindika ngati la mwana wa sitandade 1, chifukwa ankalemba ndi dzanja lamanzere uku lamanja litagwira mutu wa mwana.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Ndinakonza chinthu choti chimupeputse, koma ndinamuwonjezera ntchito, popeza munthu amene ali maso nthawi iliyonse mwana akamayamwa ndi iyeyo, ndiye bolopeni inkagwera kwa iye. Lachitatu ndinafufuta pulogalamu ija pafoni, ndinagula tochi ya sola pa K12,000, ndipo tinagwirizana kuti mayi wa mwana sagwiranso bolopeni. Amangotchula, wolemba ndi wina.

12 Juni 2025: nyemba ndi makapu

Lamulo loti mayi asalembe linabweretsa vuto lina. Kwathu ku Dedza mwamuna salowa m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo ngakhale apongozi anavomera kuti m'tauni, m'nyumba ya zipinda ziwiri, mwambowu sungasungidwe wonse, anaumirira kuti usiku azigona ndi iwo kuchipinda, ine ndizigona pabalaza. Ine ndinalibe mawu pamenepo. Vuto linali lakuti apongozi maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, ndipo kope lenilenilo sankalikonda. Anandifunsa mwaulemu, atayang'ana kumbali monga amachitira polankhula ndi mkamwini, kuti, "Kodi bambo, mwana amawerengedwa ngati matumba a chimanga?"

Njira inachokera kwa iwo eni tsiku lomwelo. Anatenga makapu atatu apulasitiki ndi nyemba zodzaza dzanja, n'kuziika pampando pafupi ndi bedi. Mwana akayamwa, nyemba imodzi imalowa m'kapu yofiira; akakodza, imodzi m'kapu yobiriwira; akachita chimbudzi, imodzi m'kapu yoyera. Anati ndi mmene ankawerengera zitini za chimanga kwa aganyu. Ntchito yanga inatsala yoti 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo ndiwerenge nyembazo, ndilembe manambala atatu m'kope, ndi kukhuthula makapu. Kuponya nyemba m'kapu sikufuna kuwala, sikufuna magalasi, ndipo kumatheka ndi dzanja limodzi.

Za bere limene mwana wayamwa komaliza tinazisiyira lastiki ya tsitsi, imene mkazi wanga ankaisamutsira kudzanja la mbali imene mwana ayambire ulendo wotsatira. Mizere 11 ija inatsika n'kukhala isanu: kuyamwa, mkodzo, chimbudzi, kutentha kwa thupi, ndi mpata waukulu wolembamo chilichonse chachilendo. Maola enieni oyamba ndi omaliza kuyamwa tinawataya, ndipo palibe tsiku limene tinawasowa.

13 Juni 2025: nyemba ziwiri zokha m'kapu yobiriwira

Ili linali tsiku lachisanu la mwana. M'mawa kapu yofiira inali ndi nyemba 7 za usiku wokha, kuwonjezera pa 6 za masana a dzulo lake, kutanthauza kuti anayamwa ka 13. Pongoona nambala imeneyi munthu akanati zonse zili bwino. Koma kapu yobiriwira inali ndi nyemba ziwiri zokha pa maola 24, ndipo chimbudzi chinali chikadali chakuda ndi chomata ngati phula, pamene pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu chimayenera kukhala chitayamba kusanduka chachikasu. Mzamba anatiuza potuluka kuti mkodzo umakwera ndi masiku, kamodzi tsiku loyamba, kawiri lachiwiri, mpaka kufika ka 6 kapena kuposa kuyambira tsiku lachisanu.

Poyamba ndinakayikira kawerengedwe kathu. Usiku tinkamuveka pampasi, ndipo pampasi amamwa mkodzo wochepa wa khanda osaoneka, mosiyana ndi thewera lansalu limene limanyowa poyera. Komabe pa thewera la m'mawa panali kadontho kofiirira ngati fumbi la njerwa, ndipo mwanayo ankagona pabere atangoyamwa pang'ono, n'kudzuka akulira pakangopita mphindi zochepa. Tinabwereka galimoto ya mnansi, ndinathira mafuta a K6,000, n'kubwerera kuchipatala.

Namwino anafunsa mafunso atatu: wayamwa kangati, wakodza kangati, chimbudzi chake n'chotani. Ndinangotsegula kope. Anamuyeza pasikelo n'kupeza makilogalamu 2.8, kutanthauza kuti anali atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake kobadwa nako. Khanda lililonse limatsika m'masiku oyamba, koma apa tinali pamalire. Kenako anapempha mkazi wanga kuti ayamwitse iye akuona, ndipo vuto linaoneka nthawi yomweyo: mwana ankangogwira kansonga ka bere, milomo itafinyana, masaya akulowa m'kati. Namwino anamutembenuza kuti mimba yake igundane ndi ya amayi ake, anadikira kuti ayasamule kwambiri, n'kumulowetsa pabere mpaka chibwano chitakhudza bere ndi mlomo wam'munsi utapindikira kunja, gawo lalikulu la malo akuda ozungulira nsonga litalowa m'kamwa. Kwa nthawi yoyamba tinamva mwana akumeza, kaphokoso kakang'ono kobwerezabwereza kochokera kummero. Mkazi wanga ananena kuti ululu umene ankaumva kuyambira tsiku loyamba wachepa, ndipo ine ndi pamene ndinadziwa kuti ankamva ululu.

Titabwerera kunyumba tinasiya pampasi kwa sabata yathunthu kuti tiziona mkodzo bwinobwino. Izi zinachulukitsa zochapa, ndipo matewera sauma msanga mu Juni, choncho ndinagula matewera ena 6 pa K15,000. Ndalama imeneyi sindinaiwerengere ku kope chifukwa tikanawagulabe. Tsiku lotsatira kapu yobiriwira inali ndi nyemba zinayi, ndipo pa 15 Juni zinafika 7.

16 Juni 2025: sikelo ya sabata imodzi

Kulemera kunakwera kufika makilogalamu 2.9. Namwino anayang'ana maso ndi khungu la mwana pafupi ndi zenera chifukwa nkhope yake inkaoneka yachikasu pang'ono, ndipo anati chikasu chotere chimaoneka mwa makanda ambiri ndipo chimatha mwana akamayamwa bwino, koma chikatsikira kumimba, kumiyendo, makamaka m'manja ndi kumapazi, tisadikire kuti kuche. Anatiphunzitsa kudina khungu ndi chala n'kuona mtundu wake pochotsa chalacho, ndipo anatichenjeza kuti tizichita zimenezi masana, chifukwa kuwala kwa babu kumanamiza. Mu mpata wa zachilendo ndinkalemba m'mawa uliwonse pamene chikasucho chalekezera. Chinayambira kumaso, chinafika pachifuwa, ndipo pofika pa 20 Juni chinali chitazimiririka.

Mchombo unagwa pa 17 Juni. Sitinapakepo chilichonse kupatula mankhwala amene anapaka kuchipatala tsiku lobadwa, ndipo tinkapinda thewera kuti lisauphimbe. Apongozi anausunga monga mwa mwambo wawo, ndipo kuyambira usiku umenewo ndinaloledwa kulowa kuchipinda.

Sabata yomweyi panabuka nkhani ya madzi. Azakhali a mkazi wanga atabwera kudzaona mwana ananena kuti akulira chifukwa cha ludzu, ndipo anapempha kasupuni ndi madzi ofunda. Kukana munthu wamkulu pa nkhani ya mwana n'kovuta, makamaka kwa mayi wongochira kumene amene aliyense akumuona ngati sadziwa kanthu. Anayankha ndi apongozi, osati ife. Anatenga kapu yobiriwira n'kuwaonetsa nyemba 7, n'kuwafunsa kuti mwana waludzu madzi okodza kasanu ndi kawiri akuwatenga kuti. Nkhani inathera pomwepo, ndipo kuyamwitsa mwakathithi, kumene achipatala amati kupitirire mpaka miyezi 6, kunapulumuka chifukwa cha nyemba za m'kapu.

19 Juni 2025: themomita ndi mbaula

Usiku umenewu kunazizira kwambiri ndipo magetsi anali atazimanso. Apongozi analowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo mwana anamuveka zovala ziwiri, chipewa, masokosi, shawelo ndi bulangeti pamwamba. Cha m'ma 10 koloko ndinamuyeza kukhwapa monga mwa nthawi zonse, themomita n'kuonetsa madigiri 38.1. Kutentha koyenera kwa khanda ndi pakati pa 36.5 ndi 37.5. Ndinayezanso nthawi yomweyo, inaonetsa 35.4. Kachitatu inaonetsa 37.8. Manambala atatu m'mphindi zitatu, ndipo palibe imene ndikanaikhulupirira.

Ndinaimbira Chipatala cha pa Foni, ntchito yaulere ya uphungu wa zaumoyo imene inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Amene anayankha anandiuza kuti nditulutse mbaula msanga ndi kutsegula chitseko, chifukwa makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo anati tichepetse zofunda. Anandiuzanso kuti ndiwerenge kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu ali phee. Apa wotchi yapakhoma inagwira ntchito yake: mkazi wanga anaunikira muvi wa masekondi ndi tochi, ine ndikuwerenga kukwera kwa kamimba, ndipo ndinapeza 48. Kupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi ndiye chizindikiro choopsa. Mwana ankayamwa bwino ndipo sanali wofooka, komabe uphungu unali woti khanda losakwana miyezi iwiri likaonetsa kutentha thupi silidikiridwa kunyumba, makamaka pamene choyezera chake chikukayikitsa. Tinadzutsanso mnansi uja.

Kuchipatala anapeza 36.9, anamupima thupi lonse n'kutibweza. Ndinayerekeza themomita yathu ndi yawo pa mkono wanga womwe, ndipo yathu inasiyana ndi digiri yathunthu. M'mawa ndinagula ina pa K8,500 kusitolo ya mankhwala, ndipo ndisanalipire ndinadziyeza nayo kawiri kuti ndione ngati ikubwereza nambala imodzimodzi, chinthu chimene ndikanachita pa 24 Meyi. Mbaula sinalowenso kuchipinda. Kukazizira, mwana amagona pachifuwa cha amayi ake kapena changa khungu ndi khungu, atavala thewera ndi chipewa, chitenje chitatikulunga tonse awiri, njira imene m'zipatala amaitcha kangaroo ndipo amaigwiritsa ntchito kwambiri pa ana obadwa masiku asanakwane. Wogwira mwana motere amakhala maso, ndipo tulo tikamubwera amamugoneka chagada m'neti.

21 Juni 2025: mzere umene unasowa

Loweruka limeneli ndinakhala pakhonde kuwerenga kope kuyambira tsamba loyamba, wokondwa kuti manambala onse a mwana ali m'malo mwake. Mu mpata wa zachilendo ndinaona mawu amene ndinkalemba mosaganizira kwenikweni: pa 13 Juni "amayi ake alira", pa 15 "sanadye nsima masana", pa 18 "alira posamba", pa 20 "phala labwerera". Tsiku lililonse palokha zinkaoneka zazing'ono, ndipo apongozi ankati nchembere iliyonse imatero mkaka ukamabwera. Zitandandalikidwa pa masamba otsatizana zinali nkhani ina.

Ndinatenga nambala ya kuyamwa n'kuchita masamu osavuta. Mwana ankayamwa ka 11 kapena ka 12 pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse, kuphatikiza kumugeyetsa, kusintha thewera ndi kumugoneka, unkatenga pafupifupi ola. Masana kunkabwera alendo odzaona mwana, a kutchalitchi, a kuntchito kwanga, achibale a mbali zonse ziwiri, ndipo mkazi wanga ankadzuka kukawalonjera aliyense. Nditamufunsa kuti wagona maola angati kuyambira dzulo, anaganiza kwa nthawi n'kunena kuti mwina atatu, oduladula. Ndinamufunsa ngati akumwa mapiritsi owonjezera magazi amene anamupatsa potuluka m'chipatala, ndipo anandilozera kapepala kake pawindo, kosatsegula n'komwe. Kenako ananena mawu amene sindinawalembe m'kope koma ndikuwakumbukira bwino: "Aliyense akalowa amafunsa kuti mwana wadzuka bwanji. Inunso mumayamba ndi makapu."

Zinali zoona, ndipo kope langa linali umboni wake. Kwa masiku 12 ndinkadziwa kuti mwana wakodza kangati, koma sindinkadziwa kuti mkazi wanga wadya kangati.

Madzulo omwewo ndinajambula mizere inayi pa tsamba lakumanja, loyang'anizana ndi la mwana: maola amene wagona, chakudya chimene wadya, piritsi, ndi momwe akumvera. Mzere womalizawu unavuta, chifukwa funso loti "muli bwanji" yankho lake ndi "ndili bwino" ngakhale munthu akumira. Tinagwirizana zoti azionetsa ndi zala, chala chimodzi kutanthauza kuti tsikulo lamulemera kwambiri, zala zisanu kutanthauza kuti laphweka, ndipo sindimufunsa chifukwa chake pokhapokha iye atafuna kunena. Tsiku loyamba anaonetsa ziwiri. M'munsi mwa tsambalo ndinakopera zizindikiro zoopsa za mayi zimene zinali pa pepala la kuchipatala: magazi odzaza padi m'ola limodzi kapena obwera ndi zibuma zazikulu, fungo loipa kumusi, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, ndi kubanika. Pepala limeneli linali litakhala m'chikwama chiyambire pa 10 Juni, chifukwa ine ndinangowerenga mbali ya mwana.

Kulira ndi kusinthasintha kwa mtima m'masiku oyamba mayi atachira n'kofala, ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira pamenepo, kapena mayi akayamba kusowa chidwi ndi mwana, kulephera kugona ngakhale mpata ulipo, kapena kuganiza zodzipweteka, ndiye kuti ndi matenda ofuna chithandizo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi amayi 13 mwa 100 alionse ongobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'mayiko osauka nambalayi imayandikira 20. Ife tinali pa tsiku la 13, pamalire penipeni, choncho ndinkafuna kuti tikadzapita kwa namwino tidzakhale ndi chooneka, osati kungoti "amaliralira".

23 Juni 2025: kubwerera kuntchito

Tchuthi changa chinatha. Lamulo la ntchito, monga linasinthidwira mu 2021, limapatsa bambo masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu mkazi wake akabereka, ndipo masabata awiriwo anatha ngati madzi a m'sefa. Tisanagone Lamlungu tinakhala atatu n'kugawana usiku motsatira zimene kope linaonetsa. Kuyambira 7 koloko mpaka 11 koloko usiku mwana amakhala ndi ine pabalaza, mkazi wanga atamuyamwitsa n'kukagona chitseko chotseka. Akafuna bere ndimamupititsa, akamaliza ndimamutenganso, ndipo kugeyetsa ndi thewera ndi zanga. Kuyambira 4 koloko m'mamawa apongozi amachita chimodzimodzi. Mayi amatsala yekha ndi mwana pakati pa usiku basi.

Za alendo zinali zovuta kuposa za usiku, chifukwa kubweza munthu amene wabwera ndi sopo ndi chitenje kudzaona mwana ndi mwano. Apongozi anadzipereka kukhala mlonda. Kuyambira 1 koloko mpaka 3 koloko masana amalandira alendo pakhonde, amawaonetsa mwana ngati ali maso, n'kuwauza kuti nchembere yagona. Munthu wamkulu akanena zimenezi palibe amene amakhumudwa. Mapiritsi tinawaika m'kapu ya tiyi ya mkazi wanga kuti asamwe tiyi asanawaone, ndipo phala la mgaiwa lothira nsinjiro limapita kuchipinda nthawi imene mwana akuyamwa m'mawa, popeza ndi nthawi yokhayo imene amakhala pansi mosadodometsedwa.

Pa 24 Juni mwana anayezedwanso ndipo anali atabwerera pa makilogalamu 3.1. Namwino anawerenga tsamba lakumanja nthawi yaitali kuposa lakumanzere, anapempha ine ndi apongozi kuti tituluke, n'kucheza ndi mkazi wanga payekha. Anatiuza kuti tipitirize kulemba zala zija ndipo tibwerere msanga zikakhala pa chimodzi kapena ziwiri kwa masiku angapo otsatizana. M'sabata imeneyo maola ogona anakwera kuchoka pa atatu kufika pa asanu, tsiku lina 6, ndipo zala zinayamba kusewera pakati pa zitatu ndi zinayi. Panali tsiku limodzi la chala chimodzi, pa 27 Juni, limene mwana analira kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku popanda chifukwa chimene tinachipeza.

2 Julayi 2025: lastiki inakhala dzanja limodzi

Ndikuweruka kuntchito ndinapeza mkazi wanga akunjenjemera m'bulangeti. Themomita yatsopano inaonetsa 38.6, ndipo bere lakumanzere linali lotupa, lolimba ndi lotentha mbali imodzi. Apongozi ankaganiza za malungo, ndipo kuchipatala anayezadi magazi, koma sanapezeke. Anati bere latupa chifukwa mkaka sunkatuluka mokwanira, anamupatsa mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu, n'kumuuza kuti apitirize kuyamwitsa mbali yomweyo ngakhale ikupweteka, chifukwa mkakawo suvulaza mwana ndipo kusiya ndiko kumakulitsa vuto.

Chifukwa chake chinali pa dzanja lake. Nsonga ya bere lakumanzere inali ndi kachilonda kotsalira kuchokera masiku oyamba aja, ndipo kwa masiku anayi ankayambira kumanja ulendo uliwonse, lastiki osaisamutsa, mwana n'kukhuta asanafike kumanzere. Kope silinagwire zimenezi chifukwa mzere wa bere ndinauchotsa pa 12 Juni, ndipo mu mzere wa momwe akumvera munalibe malo a ululu wa m'thupi. Ndinawonjezera funso limodzi la madzulo, loti pali pamene pakupweteka, ndipo kapu yofiira tinaigawa pawiri, ina ya kumanja ina ya kumanzere, mpaka bere litapola. Kutentha kunatsika patatha masiku awiri, ndipo mankhwala anamaliza onse monga anauzidwira. Ulendo umenewu unadya K6,000 ina ya mafuta.

21 Julayi 2025: masabata 6

Mwana analemera makilogalamu 4.1. Analandira katemera wa Penta, amene amateteza matenda asanu pa jakisoni mmodzi, wa chibayo wotchedwa PCV, wa rota woteteza kutsegula m'mimba, ndi madontho ena a poliyo. Madzulo anatentha pang'ono ndi kulira kuposa masiku onse, monga namwino anatichenjezera, ndipo m'mawa mwake anali bwino. Mkazi wanga anapimidwa naye tsiku lomwelo, anakambirana za njira zolerera, ndipo tsamba lake linaonetsa zala zinayi masiku ambiri a masabata awiri omaliza.

Zipangizo za ntchito yonseyi zinadya K42,700, osawerengera mafuta a galimoto ndi matewera. Mwa ndalama imeneyi K9,500 inapita pachabe, pa bandulo ya pulogalamu ija ndi pa themomita yoyamba. Makapu, nyemba ndi lastiki, zimene zinagwira ntchito yaikulu, zinali kale m'nyumba.

Makapu tinawasiya pa 14 Julayi, chifukwa kwa milungu itatu nambala ya mkodzo sinatsikepo pansi pa 6, ndipo ndinaona kuti mkazi wanga wayamba kuda nkhawa tsiku limene nyemba zachepa ndi imodzi ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Kutentha kwa mwana timayeza pokhapokha akaoneka mwachilendo. Tsamba lakumanzere tsopano lili ndi kulemera kwa kusikelo ndi masiku a katemera basi, wotsatira pa 18 Ogasiti ndi wina pa 15 Seputembala. Tsamba lakumanja tikupitiriza, chifukwa apongozi akubwerera ku Dedza Loweruka likudzali kukakonza za kudimba, ndipo maola a 4 koloko m'mamawa ndi a masana amene ankagwira iwo alibe mwini. Mng'ono wa mkazi wanga wavomera kudzakhala nafe sukulu zikatsekera, koma pakati apa pali masiku angapo amene ndapempha kuntchito kuti ndizilowa 9 koloko m'malo mwa 7:30, ndipo yankho lake sindinalandire.